Mabatani a Fn akafa laputopu itafomatidwa, musathamangire kugula kiyibodi

Laputopu zambiri zomwe zili m'manja mwa aphunzitsi, ophunzira ndi ogwira ntchito m'maofesi kuno ku Chigwa cha Shire ndi zoti zinagwirapo kale ntchito kwina. Zina zinadzera ku Limbe, zina zinabwera ndi achibale ochokera ku Joni, zina zinaoloka malire kuchokera ku Mozambique, ndipo pafupifupi zonse zinafomatidwa, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, zisanafike kwa mwini wake watsopano. Windows imayaka bwinobwino, Word imatseguka, nyimbo zimalira. Koma mukadina Fn pamodzi ndi batani lokhala ndi kachithunzi ka dzuwa kuti muchepetse kuwala, palibe chochitika. Batani la Wi-Fi lili zii. Lozimitsira touchpad chimodzimodzi. Ambiri amangoti kiyibodi yafa, ena mpaka kukwera minibasi kudzera pa Thabwa kukasaka ina ku Blantyre. Chonsecho kawirikawiri kiyibodiyo imakhala ilibe mlandu. Zomwe zinachoka pofomata ndi madalaivala, omwe ndi timapulogalamu tothandiza Windows kuyankhulana ndi zipangizo za mu laputopu, komanso timapulogalamu tina ta kampani yomwe inapanga laputopuyo, ndipo zimenezi mutha kubwezeretsa nokha muli pakhonde panu.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachabechabe. Sikirini ndi imodzi mwa zinthu zomwe zimadya kwambiri batire, choncho laputopu yomwe kuwala kwake kwakakamira pamwamba imatha moto msanga magetsi akazima kapena sola ikafooka madzulo. Ndiye pali kutentha. Makampani ambiri amalemba kuti laputopu zawo zigwire ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, pomwe ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 40. Madalaivala omwe amayendetsa mabataniwa ndi a banja limodzi ndi omwe amayang'anira fani ndi katchajidwe ka batire. Akasowa awa, enawonso nthawi zambiri amakhala kulibe.

Chomwe chimachitika mukadina Fn

Batani la Fn ndi losiyana ndi anzake. Pa laputopu zambiri Windows siliona n'komwe. Mkati mwa laputopu muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa embedded controller, komwe kamayang'anira kiyibodi, fani, batire ndi timagetsi ta pambali. Mukadina Fn ndi batani lina, kachipangizoka ndi komwe kamaganiza zoti katumize. Nthawi zina kamatumiza uthenga womwe kompyuta iliyonse imaudziwa, monga wokweza kapena kutsitsa mawu. Nthawi zina kamachita kokha ntchitoyo osauza aliyense, monga kuyatsa magetsi a pansi pa kiyibodi pa laputopu zambiri. Koma nthawi zina kamatumiza uthenga wa kampaniyo yokha kudzera m'njira zotchedwa ACPI ndi WMI, ndipo Windows yongoikidwa kumene siimva kanthu. Zili ngati mlandu wa kwa amfumu pomwe wina akuyankhula Chisena chakuya, mlendo wochokera ku Mzimba ali pompo, koma womasulira sanabwere. Mawu akutuluka, womva palibe.

N'chifukwa chake mabatani a mawu amagwira pomwe a kuwala ndi a Wi-Fi akukana. Ndipo apa m'pamene muyenera kuyambira: dinani mabatani onse a mzere wapamwamba limodzi limodzi, kaye lokha, kenako ndi Fn, n'kulemba papepala omwe akugwira ndi omwe akukana. Ngati ngakhale limodzi lokha likuchita zosiyana mukaphatikiza ndi Fn, dziwani kuti batani la Fn ndi lamoyo, ndipo ndalama ya kiyibodi isungeni.

Zosafuna bandulo

Musanayatse intaneti, onani kaye ngati mabataniwo sanangotembenuka. Laputopu zambiri zili ndi Fn Lock, yomwe imasintha kuti mzere wapamwamba uzigwira ngati F1 mpaka F12, kapena ngati mabatani a mawu ndi kuwala. Pa Dell ndi pa Lenovo ThinkPad dinani Fn ndi Esc pamodzi. Nthawi zambiri pa Esc pamakhala kachithunzi ka loko kapena kagetsi. Pa HP zina ndi Fn ndi Shift ya kumanzere. Mwana akhoza kudina zimenezi posewera inu osadziwa.

Zikakanika, lowani mu BIOS, malo osinthira zinthu za laputopu omwe amatsegulidwa Windows isanayake. Zimitsani laputopu, yatsaninso, ndipo ikangoyaka dinani mobwerezabwereza F10 ngati ndi HP, F2 ngati ndi Dell, Acer, Asus kapena Lenovo IdeaPad, F1 ngati ndi ThinkPad. Pa HP fufuzani mawu akuti Action Keys Mode, pa IdeaPad akuti HotKey Mode, pa Dell akuti Function Key Behavior kapena Fn Lock Options. Sinthani chokhacho, sungani, tulukani. Zina zonse za mu BIOS zisiyeni mmene mwazipezera, makamaka zokhudza hard disk ndi kayatsidwe, chifukwa mukazigwedeza Windows ikhoza kukana kuyaka.

Pali vuto lina lomwe limaopsa anthu kuposa kukula kwake. Mukulemba kalata, mukadina J pakutuluka 1, K pakutuluka 2, L pakutuluka 3, U pakutuluka 4. Imeneyo ndi Num Lock pa laputopu zopanda mabatani a manambala kumanja. Dinani Fn ndi NumLk, basi zatha. Ndipo ngati @ akutulukira pamalo a chizindikiro china, kapena laputopu ya ku Mozambique ikulemba zosiyana ndi zomwe zajambulidwa pamabatani, si nkhani ya madalaivala ayi. Windows yauzidwa kiyibodi ya dziko lina. Dinani batani la Windows ndi Space kuti musinthe, kapena onjezerani yoyenera pa Settings, Time & Language.

Dziwani dzina lenileni la laputopu yanu

Kungoti "ndili ndi HP" sikuthandiza. Dinani batani la Windows ndi R, lembani msinfo32, dinani Enter. Lembani papepala zomwe zili pa System Model ndi pa System Type. Chachiwirichi chikuuzani ngati Windows yanu ndi ya 64-bit kapena 32-bit, ndipo dalaivala wa mtundu wina salowa pa unzake. Tembenuzaninso laputopuyo muone kapepala ka pansi, kapena ka mkati mochotsa batire pa zakale. Dell ili ndi Service Tag ya zilembo ndi manambala 7, HP ili ndi product number ndi serial number, Lenovo ili ndi serial number ndi nambala ya mtundu wa makina. Mukalemba nambala imeneyi pa tsamba la kampaniyo, limakuonetsani madalaivala a laputopu yanuyo ndendende. Kapepalako kakakhala kofufutika, nambala yomweyo ili mu BIOS. Ine ndimakhulupirira kwambiri ya mu BIOS, chifukwa laputopu zogulitsidwa kachiwiri zina zimabwera ndi chivundikiro cha pansi chochokera pa ina.

Device Manager ndiye mboni

Dinani batani la Windows ndi X, sankhani Device Manager, womwe ndi mndandanda wa zipangizo zonse za mu laputopu. Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, ngati pali gulu lotchedwa Other devices lokhala ndi tizizindikiro tachikasu, makamaka zolembedwa Unknown device. Chachiwiri, tsegulani Display adapters muone dzina lomwe lili pamenepo.

Pa chilichonse chokhala ndi chizindikiro chachikasu, dinani batani la kumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Details, ndipo pamndandanda wotsikawo sankhani Hardware Ids. Pakatuluka mawu oyamba ndi ACPI, mwagwira mbava. Manambala ena amabwerabwera pa laputopu zomwe zili kuno. ACPI\HPQ6001 ndi batani la Wi-Fi la HP, ndipo likufuna HP Wireless Button Driver. ACPI\DELLABCE ndi la Dell lozimitsira netiweki zonse, dalaivala wake ndi Airplane Mode Switch. ACPI\VPC2004 ndi la Lenovo IdeaPad, lomwe limayendetsa za batire ndi mabatani ena. ACPI\LEN0068 kapena ACPI\IBM0068 ndi za magetsi a ThinkPad. ACPI\ATK0100 ndi la Asus zakale. ACPI\INT33D5 ndi Intel HID Event Filter, yomwe pa laputopu zatsopanoko imanyamula uthenga wa mabatani angapo. ACPI\INT3400 ndi ACPI\INT3403 ndi za Intel zoyang'anira kutentha, ndipo kwa ife a kuchigwa zimenezi si zoti n'kuzisiya zili zachikasu. Nambala ina iliyonse yomwe simuidziwa, ikopereni mmene ilili muisake pa intaneti kuti mudziwe dzina la chipangizocho, koma dalaivala wakeyo mukamutenge kwa kampani yomwe inapanga laputopu, osati pa tsamba loyamba lomwe latuluka.

Kuwala kwa sikirini

Apa m'pamene anthu ambiri amavutikira, ndipo mavuto ake ndi awiri osiyana omwe amaoneka ngati amodzi. Kuti muwasiyanitse, dinani batani la Windows ndi A, muone ngati pali kamzere kokokera kuwala. Mukhozanso kudina Windows ndi R n'kulemba mblctr, yomwe imatsegula Windows Mobility Center. Ngati kamzereko kalipo ndipo mukakakoka sikirini ikuderako, ndiye kuti mbali ya kuwala ili bwino, chomwe chikusowa ndi pulogalamu ya mabatani, yomwe tiikamba kutsogoloku. Pakadali pano muli kale ndi njira yochepetsera kuwala. Koma ngati kamzereko kulibe, kapena kalipo koma sikakusintha kanthu, mabatani alibe mlandu ngakhale pang'ono.

Bwererani pa Display adapters paja. Mukapeza mawu akuti Microsoft Basic Display Adapter, vuto ndi limenelo. Ameneyu ndi dalaivala wongogwirizira yemwe Windows imaika ikasowa weniweni. Amaonetsa zithunzi, koma sadziwa kuchepetsa kuwala, sagwirizana bwino ndi pulojekita, ndipo mafilimu amadukaduka uku fani ikulira chifukwa ntchito yonse yagwera pa purosesa. Pamalo pake payenera kukhala dzina ngati Intel HD Graphics, Intel UHD Graphics, AMD Radeon kapena NVIDIA. Pitani pa tsamba la kampani ya laputopu yanu, mutenge kaye dalaivala wa chipset (tizipangizo tolumikiza purosesa ndi zina zonse), mumuike, muzimitse ndi kuyatsanso, kenako wa graphics (woyendetsa zithunzi pa sikirini), muzimitsenso ndi kuyatsa. Ngati laputopu ili ndi ziwiri, Intel ndi NVIDIA kapena Intel ndi AMD, yambani ndi Intel, chifukwa pa zambiri ndi imene imagwira sikirini ya laputopuyo.

Laputopu za m'ma 2011 monga ThinkPad T420, Latitude E6420 ndi EliteBook 8460p zikadali zambiri m'maofesi ndi m'masukulu, ndipo zambiri mwa izo zili ndi Intel HD Graphics 3000. Intel sinaitulutsire dalaivala wa Windows 10 pa tsamba lake, koma wa Windows 8.1 kapena wa Windows 7 nthawi zambiri amagwira, ndipo Windows Update nayo imatha kumubweretsa. Pulogalamu yoikira ikakana, dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, Compatibility, musankhe Windows yakaleyo, muyesenso.

Ngati dzina la graphics lili bwino koma kamzere ka kuwala kulibebe, tsegulani gulu la Monitors mu Device Manager momwemo. Payenera kukhala Generic PnP Monitor kapena dzina lofanana nalo. Pakakhala kamuvi koloza pansi, chatsekedwa. Dinani kumanja musankhe Enable device. Pakakhala dzina la pulogalamu ina, monga zija zogwiritsira ntchito kompyuta uli kutali, ichotseni ndi Uninstall device, kenako pamwamba musankhe Action, Scan for hardware changes. Windows ibwezeretsa yoyenera yokha. Kameneka n'kanthu ka mphindi ziwiri, koma kafomatitsa laputopu zambiri popanda chifukwa.

Wi-Fi ikakana, pomwe madalaivala ali pa intaneti

Yambani ndi manja. Laputopu zakale monga T420 ndi E6420 zili ndi kaswitchi kokankha cha m'mbali, ndipo kamasuntha kokha polowetsa m'chikwama. Pa HP zambiri batani la Wi-Fi lili ndi kagetsi: kakakhala ka mtundu wa lalanje ndiye kuti yazimitsidwa, kakakhala koyera kapena kabuluu yayaka. Onaninso pa Windows ndi A kuti Airplane mode sinayatsidwe.

Zonsezi zikakhala bwino koma Wi-Fi kulibe, muyenera kupeza intaneti mwa njira ina. Lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, pafonipo mupite pa Settings, pomwe pali Hotspot and tethering, muyatse USB tethering. Windows imaizindikira yokha popanda kuika kanthu. Chingwecho chikhale chonyamula data. Zingwe zina zotchipa zimangotchaja basi. Mukangolumikizika, thamangirani pa Settings, Network & Internet, mupeze kulumikizana kwatsopanoko, muyatse Metered connection. Mukapanda kutero Windows Update imayamba kukoka zinthu zake mwakachetechete, ndipo bandulo yomwe munagulira madalaivala imatha musanatsegule n'komwe tsamba la kampani. Ngati kwanu netiweki ndi yovuta, monga madera ena a ku East Bank kapena ku Chapananga, dawunilodani mafayilowo pafoni tsiku lomwe mwapita pa boma kapena pa Dyeratu, mudzawasamutsire mu laputopu kunyumba. Ndiye chifukwa chake ndinati mulembe papepala dzina la laputopu ndi manambala aja.

Tengani dalaivala wa Wi-Fi, ndiponso wa batani lake ngati kampaniyo inamuika payekha. Anthu ambiri amatenga woyamba yekha, kenako n'kumadabwa kuti batani likukanabe.

Pulogalamu ya mabatani

Kampani iliyonse ili ndi dzina lake, ndipo mayinawo akhala akusintha. Pa HP EliteBook ndi ProBook fufuzani HP Hotkey Support. Pa HP zogwiritsa ntchito kunyumba monga Pavilion ndi HP System Event Utility. Pa ThinkPad ndi Hotkey Features Integration pamodzi ndi Power Management Driver. Pa IdeaPad zakale ndi Energy Management, pa zatsopano ndi Lenovo Hotkeys ndi Lenovo Vantage za mu Microsoft Store. Pa Dell zakale ndi QuickSet. Pa Asus zakale ndi ATK Package, pa zatsopano ndi ASUS System Control Interface. Pa Acer ndi Launch Manager kapena Quick Access. Pa Toshiba ndi Function Key utility kapena Value Added Package, ndipo dziwani kuti laputopu za Toshiba tsopano zili pansi pa dzina la Dynabook, komwe n'komwe mukapeze mafayilo ake. Ambiri mwa mapulogalamuwa ndi aang'ono poyerekeza ndi dalaivala wa graphics. Ikani, zimitsani, yatsani, ndiye muyese mabatani aja motsatira pepala lanu.

Pali msampha umodzi pano. Timapulogalamuti timayenera kuyamba tokha Windows ikamayaka. Munthu wofuna kuti laputopu izithamanga amalowa mu Task Manager, pa Startup, n'kutseka chilichonse chomwe sakuchidziwa, kuphatikizapo ka mabatani. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muone pa Startup, ndipo chilichonse chokhala ndi dzina la kampani ya laputopu yanu ndi mawu ngati Hotkey kapena Utility muchiyatsenso.

Touchpad nayo ili ndi dalaivala wake, kawirikawiri wa Synaptics, Elan kapena Alps. Popanda ameneyu kamuvi kamayenda, koma kutsitsa tsamba ndi zala ziwiri sikutheka, ndipo batani loizimitsira silimva. Pa Acer batanilo ndi Fn ndi F7, pa Asus zambiri ndi Fn ndi F9. Pa EliteBook ndi ProBook zakale pali kadontho pakona ya kumtunda chakumanzere kwa touchpad. Mukakagogoda kawiri imazima ndipo kagetsi ka lalanje kamayaka. Gogodaninso kawiri, yadzuka.

Njira ina yosavuta ngati muli ndi bandulo yokwanira ndi Windows Update yomweyo. Pa Windows 10 pitani pa Update & Security, Windows Update, View optional updates, Driver updates. Pa Windows 11 zili pa Advanced options, Optional updates. Sankhani okhawo omwe akugwirizana ndi zomwe zikusowa. Chomwe ine sindingakulangizeni ndi mapulogalamu aja olonjeza kupeza madalaivala onse ndi kudina kamodzi, omwe amayendayenda m'mafulashi. Amaika dalaivala wa chipangizo chofanana koma wa laputopu ina, amasiya pulogalamu ya mabatani yomwe ndi imene mumafuna, ndipo ena amabwera ndi zotsatsa malonda zosachoka. Mukatero mumayamba kukonza zinthu ziwiri m'malo mwa chimodzi.

Batire ndi fani

Mabatani akayamba kugwira, musalekere pomwepo. Batire la laputopu limakalamba msanga likamakhala lodzaza 100 peresenti pamalo otentha, zomwe ndi zimene zimachitika ndi laputopu yokhala pa tchaja tsiku lonse mu ofesi ya malata. Makampani anaikamo njira yoletsa kuti lisadzaze mpaka pakamwa. Pa Lenovo ili mu Vantage, pa dzina la Conservation Mode kapena Battery Charge Threshold. Pa Dell ili mu Dell Power Manager komanso mu BIOS, pomwe mungasankhe Primarily AC Use kapena kuika malire anu. Pa Asus ndi Battery Health Charging, yomwe imalola 60, 80 kapena 100. Pa HP za m'maofesi ili mu BIOS pa Battery Health Manager.

Malangizo ena a kunja amanena 60 peresenti. Kwa munthu wa kuno, yemwe magetsi akhoza kumuzimira nthawi iliyonse, 60 ndi yochepa kwambiri. Ine ndingasankhe 80, ndipo tsiku lopita kumudzi kapena ku msonkhano wa tsiku lonse n'kuichotsa kuti lidzaze. Zimathandizanso kudziwa zimenezi mukagula laputopu yomwe batire lake limaima pa 60 kapena pa 80 osapitirira. Musathamangire kunena kuti lafa. Mwini wake wakale akhoza kukhala kuti anaika malire, ndipo pa laputopu zina malirewo amatsala ngakhale itafomatidwa.

Za fani n'zachidule. Dell Power Manager ili ndi Thermal Management, ndipo m'nyengo yotentha sankhani Cool osati Quiet, chifukwa Quiet imachedwetsa fani kuti isasokose. Pa IdeaPad zatsopano Fn ndi Q zimasintha pakati pa kuthamanga ndi kusunga mphamvu. Koma palibe dalaivala yemwe angachotse fumbi lomwe latseka mpweya, kapena kupulumutsa laputopu yoikidwa pa matiresi.

Mukapeza BIOS yatsopano pa tsamba la kampani, nthawi zina imakonzadi mabatani. Koma imeneyi ikhale yomalizira, ndipo muichite batire lili lodzaza, tchaja ili pamagetsi. Laputopu yomwe batire lake linafa, yomwe imazima ukangozula tchaja, musaiyese n'komwe. Magetsi akazima ntchitoyo ili pakati, ikhoza kusayakanso.

Kwa omwe ali pa Ubuntu kapena Linux Mint

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi purosesa yatsopanoko, monga Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Laputopu zathu zambiri sizikwanira, choncho ena asamukira ku Linux, yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows, monga Ubuntu kapena Linux Mint. Ubwino wake ndi woti madalaivala a mabatani ali kale mkati mwa kernel, womwe ndi mtima wa Linux: thinkpad_acpi, ideapad_laptop, hp_wmi, dell_laptop, dell_wmi, asus_nb_wmi, acer_wmi ndi toshiba_acpi. Simudawuniloda kanthu. Pa laputopu zakale za m'maofesi mabatani ambiri amangogwira tsiku loyamba lomwelo.

Akakana, tsegulani Terminal, zenera lolembamo malamulo. Pa Wi-Fi lembani rfkill list. Ikati Soft blocked: yes, lembani sudo rfkill unblock all. Ikati Hard blocked: yes, ndiye kuti kaswitchi, batani kapena BIOS ndi zomwe zatseka, ndipo lamulo limenelo silingatsegule. Lembaninso lsmod muone ngati sipanalowe dalaivala wa kampani ina, monga acer_wmi pa laputopu yomwe si Acer. Zikatero yesani sudo modprobe -r acer_wmi muone ngati Wi-Fi ikudzuka. Kuti mudziwe ngati batani likufika n'komwe, ikani evtest, lembani sudo evtest, sankhani nambala ya chipangizo chokhala ndi mawu akuti hotkeys kapena extra buttons, kenako dinani batanilo. Pakatuluka mzere ngati KEY_BRIGHTNESSUP, uthenga ukufika.

Pa kuwala, lembani ls /sys/class/backlight. Pakapanda kutuluka kanthu, onani ngati amene anaika Linux sanasiye mawu akuti nomodeset mu /etc/default/grub, chifukwa amenewa amaletsa dalaivala wa graphics kugwira ntchito yake. Ngati mulibe, yesani acpi_backlight=native, ikakana muyese acpi_backlight=vendor. Yesani kaye mongoyembekezera: pa menyu ya GRUB, yomwe imatuluka Linux isanayake, dinani e, onjezerani mawuwo kumapeto kwa mzere woyamba ndi linux, dinani F10. Zikathandiza, ndiye muwalembe mu /etc/default/grub pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, kenako sudo update-grub. Malire a batire nawo alipo pa laputopu zomwe zimalola: ngati fayilo ya /sys/class/power_supply/BAT0/charge_control_end_threshold ilipo, mutha kulembamo 80, ndipo pulogalamu ya TLP imathandiza kuti malirewo asamaiwalike mukazimitsa.

Pomwe ndi kiyibodi yeniyeni

Zimachitika ndithu. Fumbi, nyerere zotsata zotsekemera, ndi tiyi wotayikira zimapha mabatani. Zizindikiro zake ndi izi: Fn sikugwira ndi batani lina lililonse, mabatani ena oyandikana nayo monga Ctrl akukananso, ndipo ngakhale mutayatsa laputopu ndi fulashi ya Ubuntu osaiika, zinthu sizikusintha. Kuyesa ndi fulashi kumeneku n'kothandiza kwambiri, chifukwa mabatani akagwira mu Ubuntu koma n'kukana mu Windows, nkhani yatha, ndi madalaivala. Kiyibodi ya USB siingakuuzeni zambiri, popeza Fn yake ndi yake yokha, siyankhula ndi kachipangizo ka mkati mwa laputopu kaja. Ndipo mukaona touchpad kapena kiyibodi yatukuka, chivundikiro chikukana kutsekeka bwino, limenelo ndi batire lotupa lomwe likukankha kuchokera pansi. Zimitsani, zulani tchaja, musalibaye kapena kulifinya, mupite nayo kwa wokonza akalichotse.

Musanaipereke kofomata ulendo wina

Zonse zikayamba kugwira, sungani madalaivalawo lero lomwe. Lowetsani fulashi, muone chilembo chake. Tinene kuti ndi E. Panganimo foda yotchedwa madalaivala. Tsegulani Command Prompt, zenera lolembamo malamulo pa Windows, podina kumanja n'kusankha Run as administrator, mulembe:

dism /online /export-driver /destination:E:\madalaivala

Ikopera madalaivala onse omwe sanabwere ndi Windows. Fulashiyo ikhale ndi malo okwanira, chifukwa a graphics ndi a mawu ndi akuluakulu. Tsiku lomwe laputopu yafomatidwa, tsegulaninso Command Prompt chimodzimodzi mulembe:

pnputil /add-driver E:\madalaivala\*.inf /subdirs /install

Lamuloli limabwezeretsa madalaivala okha, osati mapulogalamu monga Hotkey Support, QuickSet kapena ATK Package. Choncho mafayilo oikira omwe munadawuniloda aja muwasunge mu foda ina pa fulashi yomweyo, ndipo fodayo muipatse dzina la laputopuyo ndi mtundu wa Windows, monga T420 Windows 10 64-bit. Mukamapereka laputopu kwa wokonza, muperekenso kope la fodayo, ndipo pokaitenga mudine mabatani a kuwala, a Wi-Fi ndi a touchpad muli pa shopu pomwepo musanalipire.